Tulukani Pabwalo Mukaone Akazi a Mwezi

 Nyengo yachisanu yafikanso. Kuno ku Lizulu dzuwa likangopendeka, mphepo yochokera m'mapiri imalowa mpaka m'mafupa, ndipo amayi ogulitsa mbatatesi, kabichi ndi matimati m'mbali mwa msewu waukulu amayamba kulongedza katundu wawo manja ali njenjenje. Aliyense amathamangira kumoto. Koma sabata ino ndikupemphani chinthu chachilendo. Mukatha kudya nsima yamadzulo, fundani bulangete, itanani ana anu, mutuluke pabwalo ndi kukweza maso kumwamba.

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yabwino koposa kuona nyenyezi. Mvula yatha, ndipo utsi wa matchire otenthedwa ndi fumbi la m'chilimwe zisanadzaze mlengalenga. Kupatula masiku a chiperoni, thambo limakhala loyera ngati latsukidwa. Ndipotu ife a kuno tiyenera kuchita manyazi tikamalinyalanyaza, pakuti m'chinenero cha makolo athu Angoni mawu akuti izulu amatanthauza kumwamba.

Ine sindinapite patali ndi sukulu, ndinalekezera kupulayimale. Zimene ndikulembazi ndinayamba kuzidziwa mu Julayi 2018, pamene mlamu wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg. Anzake amabwera ndi wailesi ndi njinga, koma iye anatula pabwalo panga chitoliro chotalika ngati munsi, choima pa miyendo itatu monga mphika pamafuwa. Anati dzina lake ndi telesikopu. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kochuluka kuposa kumene diso limatha kulandira, kotero kuti chinthu chakutali chimaoneka pafupi. Chipangizochi chinayamba kudziwika ku Netherlands m'chaka cha 1608, ndipo mu 1610 munthu wina wa ku Italy, Galileo, anaona nacho zinthu zomwezo zimene ife tinaona pabwalo panga.

Usiku woyamba abambo ndi anyamata anandanda pamzere. Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali mu Sitandade 7, anandinong'oneza kuti, "Amayi, kodi nanenso ndingaone?" Ndinamuyankha kuti, "Katsuke mbale, zimenezo n'za amuna." Anapita osanena kanthu. Nditagona, mawu angawo anandisowetsa tulo. Ine amene ndimaima pamaso pa amayi a gulu lathu ndi kuwauza kuti mwana wamkazi asasiye sukulu, ndine amene ndinamuthamangitsa pakhomo pa maphunziro. M'mawa mwake ndinapempha mlamu wanga kuti madzulo otsatira akhale a amayi ndi atsikana.

Tinayamba ndi mwezi, umene masiku amenewo unali watheka. Mayi woyamba kuika diso anafuula kuti, "Mayo ine, uli ndi maenje!" Zoonadi, mwezi umene timauona wosalala ngati mbale uli ndi maenje, zigwa ndi mapiri. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo anthu anapondapo koyamba mu Julayi 1969. Kenaka tinaona Jupiter, tinyenyezi tinayi tili pamzere pambali pake ngati anapiye otsata thadzi. Timeneto ndi miyezi yake, ndipo tsiku lililonse timasintha malo. Saturn ndiye anatiseketsa, chifukwa wazunguliridwa ndi chinthu chonga nkhata yosenzera mtsuko.

Koma imene inatigwira mtima ndi nyenyezi yowala kwambiri ya kumadzulo. Mwina agogo anu anakusimbiraniko kuti mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wa kuzambwe, Puikani, amadziwa kuphika, n'chifukwa chake mwezi ukaonekera kumeneko umayamba kunenepa. Mkazi wa kuvuma, Chekechani, ndi womana, ndipo mwezi ukapita kwa iye umaonda mpaka kuzimirira. Tsono mverani izi: akazi awiriwa ndi mmodzi. Ndi dziko lotchedwa Venus, limene limazungulira dzuwa monga lathuli. Kwa miyezi 8 kapena 9 limaoneka madzulo, kenaka limabisika, ndipo likatulukanso limaoneka m'bandakucha, pamene timalitcha nthanda. Mayi wina wokalamba anati, "Ndiye kuti pamene amam'yamika ndi pamene amam'nyoza, mkazi ndi yemweyo? Zimenezo tikuzidziwa!" Tinaseka mpaka misozi. Za kunenepa ndi kuonda kwa mwezi, palibe mkazi wolakwa. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umawalitsidwa ndi dzuwa, ndipo pamene ukuzungulira dziko lathu timaona mbali yowalayo ikukula ndi kuchepa pa masiku 29 ndi theka.

Pasanathe sabata, mphekesera zinayamba kumveka kuchitsime. Ankati amayi a gulu lija ayamba kutamba, nanga usiku amaimiriranji pabwalo? Chala chinaloza makamaka gogo wina wamasiye amene ankabwera nafe. Anthu anakumbutsana kuti amamuona panja tambala asanalire, maso ali kumwamba, ndiponso kuti nyenyezi yothothoka inagwera chakunyumba kwake. Amayi anzanga, nonse mukudziwa kumene nkhani zotere zimathera. Agogo ambiri m'dziko muno athamangitsidwa m'midzi, atenthedwera nyumba, ena aphedwa kumene, chifukwa cha mawu oyambira pachitsime.

Sitinabise kanthu. Tinapita kwa anyakwawa ndi kuwapempha kuti abwere ndi mudzi wonse pa 27 Julayi, tsiku limene mlamu wanga ananeneratu kuti kudzakhala kadamsana wa mwezi. Anthu anabwera, ena kudzaseka, ena ndi mantha. Mdima unayamba kudya mwezi pang'onopang'ono, ndipo pofika 9:30 usiku unasanduka wofiira ngati dothi lakatondo. Unakhala choncho ola limodzi ndi mphindi 43. Mlamu anatenga tochi, dzungu ndi lalanje, naonetsa m'mene dziko lathu limaimira pakati pa dzuwa ndi mwezi, chithunzithunzi chake n'kugwera pamweziwo. Anafotokozanso kuti nyenyezi yothothoka si nyenyezi konse, ndi kamwala kochepa ngati njere ya mapira kamene kamapsa polowa mumpweya, kutali kuposa pouluka ndege.

Apa anyakwawa anatembenukira kwa gogo uja. "Gogo, nanga inu mumafunanji panja m'bandakucha?" Iye anayankha mofatsa kuti, "Mfumu, ndimayang'ana Nsangwe, monga ankachitira mayi anga. Zikatulukira kuvuma kusanache, ndimadziwa kuti chisanu chafika pachimake. Zikayamba kuoneka kuvuma madzulo, ndimadziwa kuti mvula yayandikira, mbewu zikhale pafupi. Pambuyo pake pamabwera nyenyezi zitatu zondondozana, Akamwiniatsatana." Mlamu wanga anavomereza kuti mabuku amanena zomwezo: Nsangwe zimaoneka m'bandakucha chakumapeto kwa Juni ndi mu Julayi, ndipo zimatuluka madzulo cha mu Novembala. Bwalo lonse linangoti zii. Munthu amene tinkafuna kumutcha mfiti ndiye anali mphunzitsi wathu. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la chaka cha 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Tsono mukafuna kuyesa, nazi zoyenera kutsata. Musadandaule kuti mulibe telesikopu, maso amene muli nawo ndi okwanira poyambira. Zimitsani nyale ndi tochi, lamya ya m'manja muisiye m'nyumba, ndipo khalani mumdima mphindi 20 kuti maso azolowere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani kumwera, mudzaona nyenyezi zinayi zopanga mtanda, ndi zina ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi imodzi mwa nyenyezi zoyandikana nafe koposa, komabe kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike m'diso lanu. Usiku wopanda mwezi mudzaona Mlalang'amba utayala pakati pa thambo ngati ufa wotayika. Si mtambo ayi, ndi nyenyezi zosawerengeka.

Ngati m'banja mwanu, kusukulu kapena kwa mnansi kuli telesikopu, ngakhale magalasi aja oonera patali ogwira ndi manja awiri, tulutsani chipangizocho theka la ola musanayambe kuti chizizire mofanana ndi panja. Mwezi muuyang'ane uli watheka, pakuti ukakhala wathunthu umathobwa m'maso ndipo maenje saoneka bwino. Mame akagwa pagalasi musapukute ndi chitenje, mungalikande. Lisiyeni liume lokha. Chachikulu koposa, mwana asaloze chipangizochi padzuwa ngakhale kamphindi, chifukwa diso limapsa ndipo silichira.

Ana muwaveke majuzi ndi zipewa, muwaphikire tiyi kapena muwaotchere mbatata. Pobwerera m'nyumba mbaula isiyeni panja. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo ngozi imeneyi imachuluka nyengo inoyi.

Mlamu wanga anabwerera ku Johannesburg, koma chitoliro chija anachisiya m'manja mwa mwana wanga wamkazi, yemwe uja ndinamuthamangitsira kumbale. Anapita kusekondale, nakonda masamu ndi sayansi, ndipo lero ndiye amaimika chipangizocho pabwalo ana a m'mudzi akasonkhana. Gogo uja anatisiya, koma anaikidwa mwaulemu ndi mudzi wonse, ndipo adzukulu athu amadziwa kuloza Nsangwe.

Choncho amayi anzanga, pamsonkhano wa gulu lanu mwezi uno, mukatha za kusoka ndi za kusunga ndalama, sankhani usiku umodzi. Itanani agogo a m'mudzi mwanu akutchulireni mayina a nyenyezi asanapite nawo kumanda. Mwana wamkazi akakufunsani kuti naye aone, muuzeni kuti mbale adzatsuka mawa. Mundilembere zimene mwaona ndi mayina amene mwamva kwanuko. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.