KAFUE NDI WATHU, WOIPITSA MADZI ALIPIRE

Abale ndi alongo a m'makomboni,

Pa 18 February 2025 khoma la damu losungiramo zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, pa kampani ya Sino-Metals Leach Zambia. Ciwerengero coyamba cinati malita 50 miliyoni a madzi a asidi anathamangira mu mtsinje wa Mwambashi, nalowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa. Cimanga ca m'madimba cinapserera. Mipope ya m'Kitwe inatsekedwa, ndipo Boma linatuma ndege kukathira laimu m'madzi. Inu a ku Matero, Kanyama ndi Chilenje musati izi nza ku Migodi cabe. Gawo la madzi amene mumwa m'Lusaka licokera mu Kafue yemweyo.

Aka sikoyamba. Mu November 2006 zoipa zocokera ku Konkola Copper Mines zinalowa mu Kafue, anthu a ku Chingola namwa, nadwala. Anthu pafupi-fupi 2,000 anasuma. High Court inawaweruzira mu 2011, kampani inacita apilo, ndipo Supreme Court inatsimikiza mlandu wa kampaniyo mu 2015. Zaka 9! Kodi munthu wodya ca tsiku ndi tsiku angathe kudikira zaka 9?

Imvani cina cocititsa manyazi. Anthu a m'midzi 1,826 a kufupi ndi Chingola anapita ndi dandaulo lao ku London, kukasumira Vedanta, mwini wa kampani yomweyo. Mu April 2019 khoti lalikulu la ku Britain linalola kuti mlandu umvedwe kumeneko. Cifukwa cace? Oweruza anaona kuti kuno kwathu anthu osaukawo sakadapeza ndarama za mlandu, ngakhale maloya okwanira ozolowera milandu yaikulu yotere. Mbendera ya atsamunda tinaitsitsa pa 24 October 1964, ndipo pa nthawi yomweyo British South Africa Company inataya mphamvu yace pa miyala ya pansi pa nthaka yathu. Nanga bwanji mlimi wa m'mbali mwa Kafue akafune cilungamo ku mudzi wa omwe tinawapitikitsa?

Lamulo tiri nalo. Mu 1990 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loletsa kuipitsa madzi, mpweya ndi nthaka. Mu 2011 inaika lina m'malo mwace, Environmental Management Act, limene linabala bungwe la ZEMA. Lamuloli liti munthu ali yense wokhala m'Zambia ayenera kukhala pa malo aukhondo ndi osadwalitsa, ndipo ali nayo mphamvu ya kusuma ngati wina amuonongera. Litinso woipitsa ndiye alipire. Mau awa ngabwino ndithu. Koma lamulo logona m'kabati siliimitsa asidi. Nchito ya kulidzutsa nja Boma, pakuti Boma ndilo lipereka cilolezo ca mgodi, ndiponso ndilo lilandira msonkho.

Ena adzakunong'onezani kuti mukalankhula kampani idzatseka, ndipo nchito idzatha. Mau otere tinawamva kale m'masiku a Citaganya, pamene anati munthu wakuda akalamulira cuma conse cidzathawa. Mkuwa ulibe miyendo. Uli pansi pa dziko lathu, ndipo amene aufuna adzamvera malamulo athu tikaima nji. Ife sitidana ndi migodi, pakuti ana athu adya za kumeneko. Cimene tikana ndi kuti phindu likwere ndege, matenda atsale m'komboni.

Cifukwa cace tifuna zinthu zitatu.

Coyamba, Boma lipatse ZEMA anthu, magalimoto ndi zipangizo zokwanira, kuti damu liri lonse la zinyalala liziyenderedwa lisanagumuke. Akulu anati madzi akataika saoleka.

Caciwiri, zimene apeza poyesa madzi a Kafue zizilengezedwa poyera, pa wailesi ndi m'zinenero zathu, kuti mai adziwe cimene amwetsa mwana.

Cacitatu, woipitsa akonze mtsinje ndi ndarama zace, alipirenso msodzi ndi mlimi msanga, ndipo osauka apatsidwe maloya kuti mlandu uthere m'makhoti athu.

Inunso anchito muli ndi mbali yanu. Ndinu mumaona khoma likayamba kung'ambika ndi mpope ukayamba kudontha. Uzani atsogoleri a Union yanu, ndipo iwo akauze ZEMA ndi kalata. Nkhani iyi ikambidwe pa msonkhano wa nthambi iri yonse. Kansala ndi phungu wanu akabwera kudzapempha voti, mumfunse cimene wacita pa za Kafue, ndipo asacoke asanayankhe. Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu anamenyera dziko lino pamodzi ndi mitsinje yace, ndipo ife tiyenera kulisiyira ana athu ndi madzi akumwa.

KWACHA! NGWEE!