Nshawa zachuku, mlandu ni wa ndani?

Amayi a pamsika ku Kanyama, Chawama na Matero, tamverani. Nshawa zachuku zili na poizoni, aflatoxin, yowononga chiwindi. Palibe wa inu afuna kudyetsa mwana zimenezo, ndipo Food Safety Act ya 2019 sitiikana. Koma akhanso akalanda meda yanu, kapito yonse yapita. Nanga thumba lija munaoda ku Soweto, analipima ndani lisanafike kwa inu? Levy mulipira tsiku na tsiku, shedi ikudontha chabe, nshawa zinyowa. Mu 2024 poizoni yomweyi inapezeka mu unga wa zigayo zikuluzikulu, agalu pafupifupi 400 anafa, nduna ya zaumoyo a Muchima ananena okha. Manje boma liyambe kupima matumba ku Soweto, likonze madenga, lisanagwire mayi wa meda imodzi.