Mayi Wochira Nthenda ya Mtima Asafulumire Kugwira Munsi

Mayi wa zaka 45 kapena 50 akatuluka m'chipatala atadwala mtima mwadzidzidzi, pakhomo amamlandira ndi chimwemwe, koma m'maŵa mwake mtsuko, munsi ndi khasu zimakhala zikumdikira. Apa mpamene mabanja ambiri amalakwa.

Nthendayi imadza pamene mtsempha wopatsa mtima magazi watsekeka, ndipo mbali ina ya mnofu wa mtimawo imafa. Bala limenelo silioneka ndi maso, komabe limatenga milungu 6 mpaka 8 kuti lipole. Mayi amene wangobereka amapuma m'chikuta. Nanga uyu walakwanji? Bambo ndi ana osinkhuka ndiwo ayenera kutunga madzi, kusenza nkhuni ndi kupita kuchigayo. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Komatu kungogona pamphasa tsiku lonse nakonso sikuthandiza. Wodwalayo aziyenda pang'onopang'ono pabwalo, achepetse mchere m'ndiwo, asiye fodya ngakhale wa m'mphuno, ndipo asaleke mankhwala poona kuti wapezako bwino.

Amayi ambiri amabisa ululu poopa kuvutitsa abale. Phuma, nseru, thukuta lozizira kapena kupweteka kwa msana ndi nsagwada zikayambanso, abale athamange naye kuchipatala, ngakhale pachifuwa pasakupweteka.