Mtsinje suchira pouthira nsomba zogula

Mvula ikangokata, timitsinje tambiri timene timathira mu Lundazi timasanduka misewu ya mchenga. Pofika Seputembala amayi amakhala akufukula zitsime pakati pa khwawa, ndipo mwana wa zaka khumi sangakhulupirire kuti pamalo pomwepo panali dziwe limene agogo ake ankawedzamo milamba ndi matemba kufikira mvula ina. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024 chinangoulula nthenda imene inayamba kale. Tsono pamisonkhano timamva pempho limodzi: atibweretsere ana a nsomba, tithire m'madamu ndi m'mitsinje. Ife sitigwirizana nalo pempholi. Nsomba zinachoka chifukwa nyumba yawo inagumuka, ndipo ngakhale titathira zikwi zingati, zidzafera pabwinja lomwelo.

Nyumba ya nsomba imayambira pamtunda. Mlamba umadikira madzi oyamba kusefukira, nukwera kukaikira mazira mu udzu womira wa m'madambo. Ana ake amabisala m'bango ndi m'mizu ya mitengo, ndipo chilimwe chikafika onse amathawira m'maiwe akuya okhala ndi mthunzi. Khasu likafika m'mphepete penipeni mwa madzi, mizu yomanga gombe imatha. Mvula yamkuntho imagumula dothi, dothilo limakwirira dziwe, madzi otsala amakhala osaya ndi ofunda, ndipo madzi ofunda sasunga mpweya wokwanira. Onjezanipo wotsuka pampu ya mankhwala a thonje kapena a tomato mumtsinje, wothira ombwe m'dziwe, ndi wokokolola ndi neti ya udzudzu imene siisiya ngakhale kansomba ka dzulo. Palibe mbewu ya nsomba ingapirire zonsezi.

Anansi athu kutsidya kwa malire anaziona pa mpasa. Nsomba imeneyi imachoka m'nyanja ya Malawi kukwera mitsinje kukaswa pa timiyala ta pansi pa madzi oyera. M'mitsinje yambiri matope ochokera m'minda anakwirira timiyalato, ndipo mpasa unasowa. Mu Bua ukanalimo, makamaka chifukwa chigawo cha mtsinjewu chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota kumene magombe ake ali ndi mitengo. Ngakhale kum'mawa kwa United States, kumene ndalama sizisowa, anaphunzira zomwezo pa nsomba yawo ya makolo yotchedwa brook trout, yokonda madzi ozizira. Kwa zaka zambiri ankathira nsomba zoweta ndi za mitundu yachilendo, zimene zinalanda malo a ya kwawoyo. Lero ntchito yawo yaikulu ndi kubzala mitengo ya mthunzi m'magombe, kugoneka zipika m'madzi kuti zikumbe maiwe, ndi kukonza timilatho totsekereza njira ya nsomba. Kuno kwathu tili ndi chenjezo lathu: nsomba yoweta ya mtundu wa Nile tilapia inapulumuka m'madamu n'kulowa mu Kafue, kumene ikusakanizana ndi nsomba za mumtsinjewo. Chimene chalowa mu Lundazi chimakathera mu Luangwa, ndipo palibe angakachiwedzemo kuti achibweze.

Tikudziwa chimene mlimi wa dimba atiyankhe, ndipo sakunama. Dothi lachonde ndi lachinyontho lili pagombe pomwepo. Repu, tomato ndi chimanga chachiwisi cha mu Okutobala n'zimene zimalipirira mwana kusukulu pamene ndalama ya fodya ndi soya inatha kalekale. Kuuza mayi wamasiye kuti asiye mizere isanu ya m'mphepete ndi kumutapira m'nkhokwe. Wolankhula za mitsinje ngati kuti mtengo umenewu kulibe sanagwirepo ndowa yothirira. Koma tiwerengenso mbali inayo. Gombe lopanda mizu limadyedwa chaka ndi chaka, kotero mizere imene mlimi akukana kusiya lero madzi adzaitenga okha, pamodzi ndi ina imene sanafunse. Khwawa likazama, chinyontho cha m'dimba chimatsika nalo, ndipo chitsime chimene chinali chofika m'chiuno chimafuna makwerero. Pali eni madimba amene tsopano amayenda mtunda kukatunga madzi othirira munda umene uli m'mphepete mwa mtsinje!

Chimene tikupempha kwa inu amene muli pamaphunziro ndi inu amene munabwerera kumudzi ndi ichi. Yezani mamita 10 kuchokera pamene madzi amafika m'dzinja, ndipo pamenepo khasu ndi moto zisafikepo. Kumalire a dimba bzalani mzere wa vetiva wothithikana kuti uzisefa dothi. Mkati mwa mpatawo ikani mitengo imene mtsinje umaidziwa: katope, mkuyu, mchenje, ndi nsungwi pamene gombe likugumuka. Mkuyu umaphuka ngakhale pozika nthambi; katope amafuna njere zatsopano, zosauma. Bulugamu mupite naye kumtunda. Mpata umenewu sukhala wogona, pakuti umapereka udzu womweta, bango la mphasa, zipatso ndi malo a ming'oma ya njuchi. Chonde chimene mwataya pagombe chibwezereni kumunda ndi manyowa ndi gliricidia, mtengo umene alimi ogwira ntchito ndi COMACO akhala akubzala m'chigawo chino. Lamulo la Mose mu Levitiko 19 linkaletsa kukolola munda mpaka m'mphepete kuti osauka apezepo chakudya. Ndiwo za m'dziwe nazonso kwenikweni ndi za wosauka, amene sangagule nyama pa Boma.

Koma mtsinje sudziwa malire a minda. Mmodzi akasunga gombe lake pamene wakumtunda akuumba njerwa ndi kukumba mchenga, dziwe lidzakwiririka ndithu. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kuchoka m'kalasi kupita kubwalo la nyakwawa, ndi kwa mafumu athu monga a Mwase, a Mphamba ndi a Kapichila, amene ali ndi mphamvu pa kagawidwe ka nthaka. Boma limatseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, koma wa ofesi ya za nsomba sangalondere khwawa lililonse. Mudzi ungathe. Ungagwirizane kuti dziwe lakuti silithiridwa ombwe, kuti ng'ombe zizimwera pamalo amodzi, ndi kuti wotsuka pampu mumtsinje alipe mbuzi. Mipingo ili ndi anthu a kumtunda ndi a kunsi pabenchi limodzi Lamulungu lililonse. Pamenepo mpoyambira pabwino.

Nazale ya katope ndi mchenje iyenera kufesedwa miyezi ingapo mvula isanagwe kuti mbande zikhale zokhwima pofika Disembala. Amene akufuna kuyamba chaka chino ayende kaye m'khwawa la kwawo ndi anansi a mbali zonse ziwiri, madzi asanabwere, alembe maiwe amene atsala ndi eni minda yowazungulira.