Tsutsani mfundo, musatukwane munthu

Nkhani za ndale zikalowa m'magulu a WhatsApp ndi Facebook a anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, sizichedwa kusanduka ndewu. Wina akafunsa chimene chachedwetsa feteleza wotsika mtengo wa FISP, amauzidwa kuti watumidwa ndi chipani cha PF. Wina akayamikira maphunziro aulere, akuti wadya za chipani cha UPND. Funso limafera pomwepo, ndipo wopindula ndi mtsogoleri amene anayenera kuliyankha.

Taganizirani za ndalama zotukulira madera za CDF. Mu 2022 boma linazikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Sinda ndi Vubwi, maboma amene anakhazikitsidwa mu 2012, akusowabe misewu yabwino, mijigo ndi zipinda zophunziriramo. Zokanganirana zenizeni zilipo zambiri: wapatsidwa ntchito yomanga ndani, mjigo wakumbidwa m'mudzi uti, komiti ya wadi inasankhidwa bwanji. Komatu mphunzitsi, namwino kapena nyakwawa yodziwa zoona zake singalankhule pagulu pamene aliyense wotsegula pakamwa amatukwaniridwa makolo ndi mtundu wake. Mwano umathamangitsa mboni, n'kusiya aphokoso okhaokha.

Ena amati ulemu ndi mantha chabe, atsogoleri samva mawu ofatsa. Kukwiya n'koyenera pamene chipatala chilibe mankhwala, ndipo palibe akuti tikhale chete. Ngakhale lamulo loletsa kunyoza pulezidenti linathetsedwa mu Disembala 2022. Koma kansala saopa kutchedwa mbava, amangoyankha kuti ndi nsanje. Chimene chimamusowetsa tulo ndi chithunzi cha mlatho wosamalizidwa, chokhala ndi tsiku, malo ndi ndalama zimene zinaperekedwa.

Enanso amati tisiyire apolisi, poti malamulo a za intaneti alipo, atsopano a 2025 amene analowa m'malo mwa la 2021. Amenewa akumbukire kuti pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, ndipo wotukwana ndi wofatsa anatsekedwa pakamwa limodzi. Chipongwe chathu chimapatsa olamulira, a chipani chilichonse, chifukwa chomangira mawu a tonsefe.

Pabwalo la mfumu munthu amamaliza kulankhula mnzake asanayankhe, ndipo wonena mlandu amabweretsa umboni. Inu oyang'anira magulu, chitani chimodzimodzi: wofalitsa nkhani anene kumene waitenga, wotukwana achenjezedwe kamodzi, akabwereza achotsedwe, ngakhale ali wa chipani chanu.