Madigiri Anu Saphunzitsa pa Foni, Adokotala

Pali bodza limene lazika mizu m'masukulu athu aukachenjede, lakuti munthu akakhala ndi madigiri atatu angathe kuphunzitsa paliponse, ngakhale pa intaneti. Amene akuzunzika nalo bodzali ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Kanakantapa, amene wadula malipiro ake kuti awonjezere maphunziro ali kwawo.

Taonani zimene amalandira. Adokotala atenga manotsi awo akale, awajambula mopendekeka, awaponya pa WhatsApp, basi akuti kosi yatha. Mphunzitsi uja aziwerenga pa kafoni kosweka galasi, zala ziwiri zikukoka zilembo kuti zikule. Kenaka kubwere vidiyo ya ola lathunthu, bambo akulankhula okha osapuma, bandulo ya Airtel nkuthera pakati. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, koma ena ankaumirirabe kuti aliyense alowe m'kalasi la Zoom pa ola lomwelo. Kodi uku ndi kuphunzitsa kapena kulanga?

Katswiri aliyense wa phunziro amafunika mmisiri woyala maphunziro pambali pake, ndipo amene akukana ndiye akufunika mmisiriyu koposa. Mmisiriyu sadziwa phunzirolo kuposa adokotala, ayi. Ntchito yake ndi kufunsa mafunso amene katswiri adasiya kalekale kudzifunsa. Wophunzirayu akamaliza gawo ili adzatha kuchita chiyani? Adzadziwa bwanji kuti walakwitsa, poti palibe womuyang'ana nkhope? Netiweki ikaduka adzayambira pati? Iye ndiye amadula phunziro m'zigawo zoti munthu amalize madzulo amodzi, kuika zoyeserera pakati, ndi kuchotsa zimene adokotala amazikonda koma wophunzira sazifuna. Apa ndi pamene pamawawa, ndipo nchifukwa chake ambiri samufuna.

Chondipsetsa mtima nchakuti ife a ku Chongwe sitiyenera kuuzidwa zimenezi ndi wina. Mu 1939 sukulu ya Jeanes idakhazikika ku Chalimbana, kwathu konkuno, kuti iphunzitse aphunzitsi oyendera anzawo m'midzi, chifukwa zidadziwika kuti kuphunzitsa ndi luso palokha. Malo omwewo adasanduka NISTCOL, koleji imene idasula aphunzitsi ochuluka kudzera m'mabuku olembedwera munthu wophunzira payekha, ndipo lero ndi Chalimbana University. Mu 2000 pulogalamu ya pa wailesi ya Taonga Market idayamba kuphunzitsa ana osowa sukulu, ndipo mphindi iliyonse inkalembedwa mwadala: apa mwana ayankhe, apa aimbe, apa alembe. Kunja nakonso, Open University ya ku Britain, yokhazikitsidwa mu 1969, makosi ake amapangidwa ndi gulu, osati pulofesa mmodzi wodzitsekera mu ofesi.

Ena akuti ndalama zolembera anthu otere kulibe. Zabodza! Ndalama za misonkhano m'mahotela ku Siavonga zimapezeka bwanji? Enanso akuti amisiriwa amasukulutsa phunziro. Inde alipo ongokongoletsa, odzaza tizithunzi topanda pake, ndipo amenewo achotsedwe. Koma mmisiri wabwino sagwira yekha. Mlimi wodziwa kompositi ku Kasisi kapena katswiri wa ng'ombe zamkaka ku Palabana ndiye mwini nkhani, mmisiri amangokonza njira yoti nkhaniyo ifike. Mutu umodzi susenza denga.

Korona adatseka sukulu mu Malichi 2020, ndipo nthawi imeneyo tidakhululuka chifukwa aliyense ankangopapasa. Zaka zapita, chowiringula chatha. Inu a Higher Education Authority, musavomereze kosi ya pa intaneti imene sinayesedwe pa foni yotchipa, kumudzi, ndi wophunzira weniweni. Ndipo inu ophunzira, mukapatsidwa manotsi ojambulidwa m'malo mwa kosi, funsani kumene ndalama zanu zapita.