Konzani Vim yanu magetsi akadalipo

Ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa ku Zimbabwe, kumene zidzukulu za anthu aja anachoka ku Nyasaland kudzasaka ntchito ku Salisbury zikukhalabe, kuli achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ambiri a iwo malaputopu awo ndi akaunjika, batire yosachedwa kutha. Za magetsi ndiye musachite kufunsa. Mu 2019 ankatha kuzima maola 18 pa tsiku, ndipo mu Novembala 2022 a Zambezi River Authority analamula kuti Zimbabwe iyambe yasiya kupanga magetsi ku Kariba chifukwa madzi anali atachepa kwambiri. Kwa munthu wokhala kotere, mphindi iliyonse yothera kufufuza fayilo m'mafoda ndi batire yotayika.

N'chifukwa chake ine ndimawauza za Vim. Pulogalamu yolembera imeneyi anaitulutsa ndi Bram Moolenaar wa ku Netherlands mu 1991, potsatira vi imene Bill Joy analemba mu 1976. Ndi yaulere, siilemetsa kompyuta yokalamba, ndiponso siifuna bandulo ya intaneti. Moolenaar anamwalira mu Ogasiti 2023, koma pa moyo wake ankangopempha kuti amene yawathandiza akumbukire ana ovutika a ku Kibaale ku Uganda.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amaigwiritsa ntchito mmene anaipezera. Akafuna fayilo amalemba njira yonse, foda ndi foda, ngati munthu wolondolera mlendo kunyumba kwake tsiku lililonse. Pomwetu m'foda yanu yaikulu mungathe kuikamo kafayilo kotchedwa .vimrc, kamene Vim imayamba kuwerenga ikamatseguka. Mukalembamo set path+=** ndiye kuti mwaiuza izifufuza m'mafoda onse a pansi pa pamene mwaitsegulira. Kenaka mumangolemba :find ndi chiyambi cha dzina la fayilo, n'kudina Tab. Onjezerani set wildmenu kuti maina ofanana azioneka pamzere. Dzina la fayilo likakhala m'zimene mukuwerenga, ikani kasa pamenepo n'kudina gf, fayiloyo itseguka.

Koma nyenyezi ziwirizo musangozitengera kwa anzanu osaganiza. Zimatsika mpaka mafoda 30 kupita pansi. Amene mukuphunzira JavaScript mukudziwa kuti node_modules yokha imasunga mafayilo zikwizikwi, ndiye pa laputopu yakale mudzangoona Vim yaima, batire ikutha. Kuli bwino kutchula mafoda amene mumagwiramo ntchito, mwachitsanzo set path+=src/**,tests/**, ndipo muzitsegula Vim muli kale m'foda ya ntchitoyo.

Za mazenera sizifuna zambiri. Lamulo la :vsplit limagawa sikirini pawiri, ndipo set splitright imachititsa kuti zenera latsopano lizibwera kudzanja lamanja. Ctrl-w kenaka w amakudumphitsani kupita ku linzake. Pa kasikirini ka laputopu awiri akwana; ofuna anayi akungofuna kuonetsa anthu.

Chofunika kwambiri kuno kwathu ndi :mksession. Mukaona kuti batire yatsala pang'ono, lamuloli limalemba fayilo yotchedwa Session.vim, yosunga mmene munayalira mazenera ndi mafayilo amene munatsegula. Magetsi akabwera, kaya ndi pakati pa usiku monga amachitira, mumangolemba vim -S Session.vim zonse n'kubwerera m'malo mwake. Dziwani kuti silisunga zimene mwalemba, choncho yambani ndi :w. Kompyuta ikakuzimirani mwadzidzidzi, vim -r ndi dzina la fayilo ingakupulumutsireni zambiri kuchokera m'kafayilo ka .swp.

Inu aphunzitsi amene mukuphunzitsa anawa m'masukulu ndi m'makonde, zimenezi ziloweni m'sabata yoyamba, musanafike n'komwe pa Python. Ndipo iwe mphwanga, .vimrc yako ikakonzeka uikopere pa fulashi, kuti ngakhale pa laputopu yobwereka uzigwira ntchito ngati uli pa yako.